Mlandu wa Khoma la Kadeya

Panali munthu wina kuno ku Maravia, dzina lake Cornélio, shefe wa apolisi pa posto ina imene sinditchula. Inali nthawi ija nkhondo itangotha, anthu akubwerera kuchokera ku Zambia mapoto ali pamutu. Amene anandiuza akulumbira kuti anaona ndi maso ake.

Pa postopo panali mbendera, mpando umodzi ndi mtengo wa mango, basi. Kadeya, nyumba yotsekera olakwa, inagwa pa nkhondo. Boma linatumiza simenti, ndipo ntchito yomanganso inagwera Damião, mmisiri yekhayo m'dera lonselo. Njerwa ankayala bwino mkuluyu, koma ankamenya mkazi wake Teodora ngati ng'oma. Teodora yemweyo ndiye ankatunga madzi ndi kuponda matope pa ntchitoyo.

Tsiku lina Teodora anafika diso litatupa.

"A shefe, bambo akunyumba andimenyanso."

"Ndamva, mayi. Koma ndiwatsekera kuti? Mumtengo wa mangowu? Dikirani amalize kadeya."

Damião anali pamwamba pa khoma, akumva zonse. Kuyambira tsiku limenelo ntchito inayamba kuyenda ngati bilimankhwe. Inu, ndani angafulumire kumanga ndende yake yomwe?

Teodora anapita kubwalo la akuluakulu a m'mudzi. Iwo anati, "Mwathawa zipolopolo limodzi, mwagona m'tchire limodzi, lero mulekane chifukwa cha mbama? Banja n'kupirira." Anagamula kuti Damião amugulire nsalu ya kapulana yatsopano. Anamuguliradi, kenako anamumenya chifukwa chomuchititsa manyazi pagulu. Atabwerera kubwalo anamuuza kuti za magazi n'za apolisi. Apolisi anati za m'banja n'za bwalo. Mayiyu anayenda uku ndi uku mpaka mapatapata anatha.

Pamapeto pake kadeya inatha, yopaka laimu mbee. A Cornélio anayamba kudandaula kuti akuluakulu a boma akabwera kudzaiona aipeza yopanda munthu, manyazi ake. M'mawa mwake Teodora anatulukira mlomo utang'ambika, ndipo a shefe anasangalala ngati alandira mlendo.

"Mwabwera bwino, mayi. Lero boma ligwira ntchito."

Anamugwira Damião, kumukankhira mkati, loko khetye. Teodora anakokera a Cornélio pambali.

"A shefe, musawatsekere umu. Khoma lakumbuyo ndi dothi lokhalokha. Simenti anasinthitsa ndi kachasu, pamwamba anangopaka. Matope ake ndinaponda ndine."

A Cornélio anaseka mpaka kutsokomola.

"Mayi, za makoma lisiyireni boma. Inu kaphikeni chakudya cha mkaidi. Kuno sitidyetsa."

"Ndikaphikire wonding'amba mlomo?"

"Nanga mwamunayu ndi wanga?"

"Ndiye ndiloleni ndipite kwa achimwene anga ku Chipera. Akatuluka andipha."

"Mukachoka, mkaidi adya chiyani? Pitani kunyumba. Loko uyu wachokera ku Tete, si masewera."

Teodora anali ndi mantha, koma anamvera boma. Anapita kukasonkha moto.

Dzuwa lili paliwombo, Damião anapempha chidebe cha madzi kuti asambe. A shefe anamupatsa, n'kubwerera pansi pa mango kukasewera ntchuwa. Iye anathira madziwo pakhoma lija, kudikira kuti linyowe, kenako chidendene kamodzi kokha. Khoma phwaa. Loko wa ku Tete anatsala pachitseko ali bwinobwino, akulondera mphepo.

Damião anamupeza mkazi wake akuphika chakudya chake chomwe. Anatola munsi. Pamene anansi ankafika kudzamugwira, mkono wa Teodora unali utathyoka pawiri. Pano palibe choseketsa, ndipo ine zimandipweteka mtima. Mkonowo sunawongokenso.

Koma mukanawaona a Cornélio ataona chibowo chija. Munthu amene ankayasamula akaona diso lotupa ananjenjemera ndi ukali. Tsiku lomwelo chingwe chinapezeka, njinga inapezeka, Damião ulendo wa kuboma ali womangidwa. Mlandu sunachedwe ngakhale pang'ono: kuba simenti ndi kugwetsa khoma la boma. Teodora anaitanidwa kuti akhale mboni.

"Mayi, munaona kuti khomalo linali la dothi?" anafunsa woweruza.

"Ndinaona, bwana, ndipo ndinawauza a shefe."

A Cornélio anayang'ana kudenga. Teodora anakweza mkono wake wopindika uja.

"Nanga uwu, bwana?"

"Musasokoneze bwalo, mayi. Lero tikukamba za khoma. Za mkono mukakambirane ndi akubanja."

Damião anamutumiza kundende ya ku Tete zaka zingapo. Khoma analimanganso ndi simenti yeniyeni, analipakanso laimu, ndipo a shefe ankalisisita m'mawa uliwonse. Teodora, amene khasu sakanathanso kuligwira, anatuluka m'bwalomo yekha. Amayi anzake anamuzungulira panja.

"Bola amumanga, asisi. Mtima pansi tsopano."

Iye anakonza mkono wake mu kapulana ija ya chigamulo, nati, "Amumanga, inde. Ndikanadziwa, ndikanabadwa njerwa."

Phunziro: Mayi akabwera kudzanena kuti akumenyedwa, ameneyo ndi mlandu, osati nkhani ya m'banja. Akakuuzani pamene pali ngozi, mverani, chifukwa amene akukhala ndi chilombo ndi iyeyo. Inu apolisi ndi oweruza, khoma likagwa limamangidwanso, koma mkono wa munthu sugulidwa kusitolo. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka wachibale wanu amene amavala yunifolomu, ndi aja amakonda kunena kuti banja n'kupirira.