Makasu a pa Kilomita 63

Edmund anatembenuza foni yake chafufumimba patebulo. Mlongo wake Dolika anali ataimba kasanu ndi kawiri chiyambire dzulo, koma nkhani za Dolika ankazidziwa kale: mwina mbuzi zalowa m'dimba, mwina denga likudontha. Anthu akumudzi amayesa aliyense ali ndi nthawi yotaya ngati iwo.

Lero sanafune zosokoneza. Chingwe cha faiba chimene kampani yawo inakwirira m'mbali mwa msewu wa ku Chipangali chinali ngati khutu. Ukatumizamo kuwala, kumabwerera n'kukuuza pamene nthaka ikugwedezeka. Vuto linali lakuti khutulo linkathera pa makilomita 40. Edmund anatha miyezi isanu akulimbitsa kuwalako kuti khutulo lizimva mpaka pa 70, ndipo abwana ake, a Mustapha, anali atanena mosapsatira kuti zikakanika lero, ntchito yatha.

Itangokwana 7 koloko m'mawa, kompyuta inalira. Pa kilomita 63 anthu ankakumba.

Edmund anaseka chipongwe.

"Kumeneko n'kwathu, bwana. Ndimawadziwa bwino. Akuyesa m'chingwemo muli waya wa kopa woti akagulitse, osadziwa kuti ndi galasi."

Analozera a Mustapha mizere yovinavina pakompyutapo. Makasu analipo anayi, ndipo ankalandizana osapuma. Kunja kutayera mbee, osabisala n'komwe. Chomvetsa chisoni, anatero Edmund, chingwecho anachiphonya ndi mapazi makumi awiri, koma ankangolimbikira malo amodzimodziwo. Ngakhale kuba kwenikweniko kunkawakanika. N'chifukwa chake iye sanapondeko zaka zitatu.

A Mustapha anamusisita paphewa n'kuimbira apolisi a kumeneko. Foni ya Edmund inanjenjemeranso patebulo. Anaikankhira kumbali ndi chala chimodzi, maso ali pamizere ija, mtima uli m'malo. Makasu anapitiriza maola ena awiri.

Kenako foni ya a Mustapha inalira. Anali apolisi aja. A Mustapha anamvetsera, n'kuvula kofia yawo.

"Makina ako sananame, Edmund," anatero motsitsa mawu. "Akukumbawo ndi adzukulu, ndipo malowo ndi manda. Akuti abale ako akhala akukufuna chiyambire dzulo. Amayi ako, a Ketilina, akuwaika masana ano."

Edmund anayang'ana pakompyuta. Mizere ija inali itagona. Adzukulu anali atamaliza.