Nyongolotsi Yotseketsa Mjigo

Harold anadonthezera madzi pagalasi, nayatsa tochi kunsi kwake, n'kusuzumira pafoni. Nyongolotsi ija inali pomwepo, yakuda bii, yopiringizika, itagona phee ngati kwawo.

Makinawo anawapanga yekha pakhonde la nyumba yake ku Nkando. Iye anali mlangizi wa zaumoyo, ndipo anali atatopa kupempha maikulosikopu, makina oonera tizilombo tosaoneka ndi maso, ku ofesi n'kumangouzidwa kuti adikire. Ndiye anaphwasula DVD yakufa, nachotsamo kagalasi kokuza zinthu, kakang'ono kuposa njere ya nandolo, n'kukamata pa kamera ya foni. Thabwa analiboola pakati, pabowopo n'kumatapo chidutswa cha galasi la pawindo ndi guluu. Foni pamwamba, tochi pansi, ntchito yatha.

Dontho loyamba kuliyeza linali la pamjigo wa m'mudzimo. Ataona chimene anaonacho, anajambula chithunzi n'kuthamangira kwa mayi Janeti, wapampando wa komiti ya mjigowo. Mayiwo anangogwira kukamwa, ndipo tsiku lomwelo mjigo unatsekedwa ndi loko. Tsopano amayi a m'mudzi ankatunga kutali kumtsinje, ndipo podutsa pakhomo pa Harold ndowa zili pamutu, moni ankachita kumumana.

Koma madzi a lerowa sanali a pamjigo. Anali a mumtsuko wa m'nyumba mwake momwe.

"Mayi a Takondwa!" anaitana mkazi wake. "Madziwa munawiritsa?"

Esteri anatuluka akupukuta m'manja. "Ndinawiritsa, mpaka makala anandithera."

"Nanga ichi n'chiyani?"

Esteri anawerama n'kuyang'anitsitsa. "Iii, yapsa kale imeneyo. Mukuiona ikugwedezeka?"

Harold sanaseke. Munthu woyenda khomo ndi khomo kuphunzitsa anthu za madzi aukhondo, nyongolotsi ipezeke mumtsuko mwake? Anayamba kufotokozera mkazi wakeyo, ndi mawu ake a pamsonkhano, kuti madzi akumwa amafunika abwate, osati kungofunda ngati osamba.

Phunziro lili mkati, kunamveka odi. Anali mayi Janeti, kiyi wa loko atamumangirira kunsonga ya chitenje.

"Alangizi, amayi andizinga kunyumba. Akuti misana yatha. Mjigo titsegula liti?"

"Zavuta, amayi," anatero Harold akuwalozera foni. "Zafalikira. Ngakhale muno zalowa, chifukwa anthu ena kuwiritsa madzi amangonamizira. Mawa nditumiza zithunzi ku boma. Mwina atseka ndi mijigo ya ku Thuchila yomwe."

Kudzudzulidwa ali awiri Esteri akanapirira, koma pamaso pa mlendo ayi. Sanakweze mawu. Anangofika patebulopo, nakankha dzanja la mwamuna wake.

"Popeza madzi anga ndi onyansa, asakudetsereni makina anu."

Anapukuta galasilo ndi chitenje mwamphamvu mpaka linalira kwii, nabwezera foni pamalo pake, n'kutembenuka kuti azilowa m'nyumba. Harold anapepesa mlendo ndi maso. Koma mayi Janeti maso awo sanali pa iye.

"Alangizi, kodi zimenezi zimakhalanso pouma?"

Harold anasuzumira. Galasi linali louma gwaa. Nyongolotsi inali chigonere, yopiringizika chimodzimodzi, pamalo pomwe paja. Anapukusa foni. Anazimitsa tochi n'kuyatsanso. Chilombo osasuntha.

Esteri anabwerera, nachotsa foni, n'kutembenuza thabwa lija chadodolido. Kunsi kwa galasi kunali kadontho ka guluu wouma. Anakapala ndi chikhadabo, nasolola kanthu, n'kukayezera pachibwano cha mwamuna wake.

Kanali kandevu.

Mayi Janeti anayamba kumasula kiyi kunsonga ya chitenje pang'onopang'ono. "Mayi a Takondwa, ine ndikatsegule mjigo. Inu tsalani mumete gwero la matendali."