Kugogoda m'firiji ya mitembo ku Libuyu

Panali munthu wina ku Libuyu, dzina lake Sinyinda, amene anali ndi nyumba yosungiramo mitembo. Amene anandiuza nkhaniyi sanama kawirikawiri.

Mwezi wa Okutobala, kukutentha moti nkhuku zimaikira mazira ophikaphika, firiji yake inayamba kufooka. Mkatimo munali thupi la mdala wina, ana ake ali kukonzekera ulendo kuchokera ku Mongu. Sinyinda anaitana Mudenda, wokonza mafiriji.

"Ba Sinyinda, valavu yadwala," anatero Mudenda. "Iyi ni ka geti, imapitisa gasi pang'ono pang'ono kuti mukati muzizile. Aka kamutu komangiwa pa paipi ndiye kamaiuza ati segula, vala. Pelekani thupi kwinangu, valavu yanyowani ibwela pa Mande."

"Kwinangu? Bantu bakambe ati Sinyinda wakangiwa? Awe."

Masana omwewo panadutsa mlendo ndi sipanala m'thumba. "Bosi, faivi minitsi chabe." Anamasula kamutu kaja, napotokola valavu mpaka kumapeto, nazimirira. Paipi inayera mbuu ndi ayezi kukafika pa kompresa, injini ya firijiyo. Sinyinda anavina. Sanadziwe kuti geti yatsegukiratu, gasi wamadzi akukhuthukira mu kompresa, chinthu chomwe chimameza mpweya wokha.

Loweruka m'mawa kunamveka gu! gu! gu!

Norah, mayi wokolopa, anataya ndowa. "Bamudala bagogoda!"

Anaimbira Mudenda foni.

"Si bamudala, ni kompresa itsamwa," anatero Mudenda. "Zimyani manje manje, muchosemo thupi!"

Sinyinda analanda foniyo. "Na ayezi yonse iyi? Jelasi chabe iwe."

Anakweza wailesi. Madzulo kugogoda kunaleka, kunangoti zii.

"Mwaona? Bagona," anatero Sinyinda, nakhoma chitseko.

Lolemba ana aja anafika. Zoyamba kuwalonjera pakhomo zinali ntchentche. Namasiku, mwana wamkazi wa malemu, anagwada.

"Nachoka kutali, ba Sinyinda. Nifuna chabe kuona nkhope ya batate."

Koma kompresa inali itafa, thupi litawonongeka. Bokosi linakhomedwa misomali popanda woonamo nkhope.

Nyumba ya mitembo ija inatsekedwa. Akuti Sinyinda masiku ano, munthu akagogoda pakhomo pake, amatulukira pawindo.

Phunziro: Ayezi pa paipi si umboni woti zonse zili bwino. Makina akagogoda akupempha thandizo, akakhala chete mwachedwa. Mverani katswiri, osati wa faivi minitsi. Tumizani uthengawu kwa aliyense amene ali ndi firiji, isanayambe kugogoda.