Chifuwa cha Tilekeni

Lamulo linali lodziwika m'mudzi monse: galu akangotsokomola, alangizi a ziweto ankabwera ndi mfuti, chifukwa kunagwa matenda ochokera ku nkhandwe, ogwiranso anthu, omwe analibe mankhwala. Mwa agalu ochepa otsala munali Tilekeni, yemwe ankatsogolera a Gwaza, amuna a Nangondo, kuyambira pomwe bambowo anachita khungu.

Tilekeni atayamba chifuwa, a Gwaza anapeza nzeru. Galu akati atsokomole, iwonso ankatsokomola mwamphamvu kuti anansi kuseri kwa mpanda aziyesa ndi iwo. Nangondo anapatula mbale ya galuyo, ndipo ankamupatsa madeya atavala majumbo m'manja.

"Abambo, musamamugwire kukamwa," ankawadandaulira.

"Nanga ndiziyenda ndi ndani iwe ukapita kudimba?"

Masana ena Nangondo akupeta mphale pakhonde, anamva chifuwa chija m'nyumba, chouma, chokoka. Poyesa kuti ndi galu, anadikira kuti amuna ake nawonso atsokomole monga mwa masiku onse. Kenako anaona Tilekeni ali gone pansi pa nkhokwe, ali phee.

"Mwafulumira, abambo," anatero Nangondo. "Galu sanatsokomole."

"Ndikudziwa," anayankha a Gwaza m'nyumbamo, natsokomolanso.