Nkhope Yoyera

Ba Jameson, mwini kashopu ka magemu ku Kalingalinga, anapukuta TV ndi mkono wa malaya n'kumupatsa Chabwera kontirola yoyendetsera gemu.

"Yesani che. Ni gemu yamene ija munali kukonda, koma baipanganso. Manje vonse vioneka bwino."

Sananame. Pa TV paja mudzi unali womwe uja, mlatho womwe uja, koma tsopano udzu unkagwedezeka ndi mphepo. Kenako msilikali wa lupanga, amene munthu umamuyendetsa m'gemumo, anatembenuka n'kuyang'ana Chabwera.

M'gemu yakale nkhope imeneyo inali mbuu, timadontho tiwiri m'malo mwa maso. Malemu mkulu wake, Dingani, ankaloza ndi chala chonona mafuta a vitumbuwa n'kunena kuti, "Uyu ndine, ona chipumi." Palibe akanamutsutsa.

Koma msilikali wa leroyu anali ndi maso obiriwira, mphuno yosongoka ndi chipsera pa tsaya. Mlendo weniweni.

Pansi pake panatuluka kabokosi kofunsa dzina la msilikaliyo. Chabwera analemba D, analemba I, chala n'kuima. Anafufuta zonse.

"Nanga? Mugula?" anafunsa ba Jameson. "Bantu baithamangira iyi."

"Ni yabwino," anatero Chabwera, n'kuika kontirola pa tebulo. "Koma yakale ija ikalipo?"

"Ija yosaoneka nkhope? Ili mu katoni, palibe aifuna. Muifunira chani?"

"Nipaseni yamene iyo. Muja ba Dingani baoneka bwino."