Mpando Womwe Unali Wake

Makaniko anatulutsa mutu m'galimoto yophwanyika ija, m'manja muli malamba awiri a m'mipando.

"Mayi, onsewa ngotaya. Tiika atsopano."

Mayiyo anakwinya nkhope. Mwamuna wake anali gone kuchipatala, nthiti zitathyoka. Anauza apolisi, anauzanso mkazi wakeyo, kuti pomwe galimoto inkawomba mtengo anali yekha.

"Awiri bwanji? Sinthani wa dalaivala basi."

"Taonani apa." Makaniko anatambasula lamba wachiwiriyo. Ulusi unali utatamuka, pena pakuwala ngati papsa ndi simbi. "Lamba sachita chonchi pampando wopanda kanthu. Ameneyu anagwira munthu."

Mwana wawo wamkazi, yemwe anali atangomaliza sukulu, anaima pafupi ndi mulu wa matayala akutha, maso ali pansi.

Mtima wa mayiyo unawawa ngati wathiridwa mchere. Chikwatiranireni, mwamunayo ankamutsegulira chitseko, n'kumumangira lamba yekha, anthu akuona, iye akuchita manyazi okoma. Mpando umenewo unali wake.

"Wamva, mwanawe? Bambo ako amanyamula alendo. Ine ndili kalikiliki kuwamwetsa madzi ndi supuni ngati chitsiru!"

"Amayi, tiyeni tizipita."

"Tipite kuti? Abambo, pitirizani. Mwapezamonso chiyani?"

Makaniko anakanda m'mutu ndi sipanala. "Kaya ndinene? Mpando wa dalaivala ndaupeza utakankhidwira kutsogolo kwenikweni. Bwana aja ndi kutalika kwawo, pokhapokha mawondo akanawasiya kunyumba."

Anaseka yekha, kenako n'kudzigwira pakamwa.

"Mpaka kumupatsa chiwongolero!" Mayiyo anawomba m'manja. "Ine ndawapempha kangati kuti andiphunzitse? Amvekere, 'Amayi, mungandiphere galimoto.' Wamfupi wawoyo ndiye sangaiphe?"

Analimbana ndi mphete yomwe inali itamira m'chala, mpaka inavuka. Anaiika pa boneti yopindikayo.

"Tenga, mwanawe, ukawapatse bambo ako. Ukawauze kuti woyendetsa wawoyo akawasambitse. Ine kuchipatala sindipondakonso."

Mtsikanayo sanaikhudze. Anamasula batani la pakhosi n'kutsitsa kolala. Mzere wakuda bii, waukulu ngati lamba, unachoka paphewa kutsikira pachifuwa.

"Ndinawakakamiza ndine, amayi. Laisensi ndilibe. Adadi anati ndikangotsegula pakamwa, apolisi anditenga."