Unyolo wa pa Bedi Lachitatu

Msilikali wa ndende anawerenga kalata yomasula mkaidi wa pa bedi lachitatu kawiri, kiyi ali m'manja, koma sanawerame.

"Akathawa mukandiyankhira ndinu, bwana?" anafunsa phungu amene anabweretsa kalatayo.

"Athawa ndi mapapo ake ati?" anatero namwino. "Chifuwa chachikulu chinawamanga kale awa."

Phunguyo, yemwe anthu amamutcha Mayi Mafunso chifukwa chosatopa kufunsa m'nyumba ya malamulo, sanakweze mawu. "Dzina langa lili pansipo, bambo. Pangano tinakasaina pamaso pa mayiko anzathu, ndipo tsopano ndi lamulo. Mkaidi wodwala samangidwa pabedi."

Mkazi wa mkaidiyo anaima chapafupi ndi beseni la madzi ofunda. Kwa milungu itatu ankapukuta mozungulira chitsulocho osafika pabala la pakakolo, mwamuna wake ali chigonere chagada ngati thabwa.

Msilikali anagwada. Unyolo unalira n'kugwera pasimenti.

"Bambo a ana, thokozanitu!" ananong'ona mkaziyo. "Nenaniko kanthu!"

Mkaidiyo anakoka mwendo pang'onopang'ono ngati wobwereka. Anapinda bondo. Kenako anatembenuka n'kugonera m'mbali, nkhope kukhoma, msana kwa phungu, ndipo anausa moyo mpaka wodi yonse inamva.

Mkaziyo anagwira pakamwa ndi manyazi. "Pepani mayi, sakhala amwano chonchi. Ndithokoze ndine, kungoti mawu andithawa."

"Asiyeni, achemwali," anatero phunguyo akumufunditsa bulangete wodwalayo. "Zaka zinayi ndakhala ndikumenyera kuona msana umenewu."

Mkaziyo anaviika kansalu m'madzi, n'kuyambira pabala penipeni.